Beseni la Che Ajira pa Mlatho wa Shire

Nkhani iyi anandiuza a Esime Lachisanu lina mwezi wa Okutobala, titakhala pabenchi kudikira basi ya ku Nkope imene inachedwa. Iwo ndi amene ankayenda ndi Che Ajira pa malonda a nsomba, ndiye zambiri anaziona ndi maso awo. Ndikuilemba mmene anandifotokozera.

Che Ajira kwawo kunali ku Nkope. Anakwatiwa ndi msodzi, n'kumutsatira kutsidya, ku Makanjira. Anali ndi mlongo wawo wamng'ono dzina lake Sumani. Atalowa sukulu ya mishoni, aphunzitsi anamupatsa dzina loti Gilford, ndipo ndi limene linakhazikika pamapepala, Gilford Jaffalie. Bambo awo anamwalira iye akadali wamng'ono, choncho sukulu yake yonse, kuyambira yunifolomu mpaka sutikesi yopita nayo kukoleji, inachokera m'beseni la Che Ajira.

Za beseni limeneli ndiyenera kufotokoza.

Masiku amenewo, a chipani chimodzi, pamlatho wa Shire polowera ku boma la Mangochi pankakhala anyamata achipani a malaya ofiira. Ntchito yawo inali kufunsa khadi ya chipani. Koma munthu wa nsomba, ngakhale akhale nayo khadiyo, sankadutsa chabe. Ankamuvundukulira dengu, n'kusankhamo chambo chonona, amvekere ndi mphatso ya alendo akuluakulu amene akubwera. Alendowo ankabwera sabata iliyonse, koma palibe amene anawaonapo. Pofika kumsika munthu unkakhala utatsala ndi zophwanyika zokhazokha.

Chimene sankachikhudza ndi chimodzi, beseni la sadaka. Kwa Asilamu kuno, munthu akamwalira pamapita masabata angapo, kenako abale amasonkhana, mashehe amapemphera, anthu amadya m'dzina la malemuyo. Amayi ochokera kutali amasenza mpunga ndi ndiwo m'mabeseni ovundikira ndi nsalu yoyera. Beseni lotero palibe ankalivundukula panjira, kaya ndi Mkhristu, kaya ndi chidakwa. Ndi chakudya cha womwalira.

Che Ajira anaziona zimenezi. Ndiye iwo, a Esime ndi amayi ena awiri ankatsika lole ya ku Makanjira isanafike pamlatho. Ankayala chambo chowamba pansi pa beseni, mpunga pang'ono pamwamba, nsalu yoyera n'kumanga. Ankaoloka mwandondomeko, maso pansi, osaseka. Anyamata aja ankangoona khadi n'kupatuka. Kumsika sankapitako. Ankazungulira m'malaini, kwa akazi a aphunzitsi, a makalaliki ndi a asilikali, kugogoda khomo lakuseri.

A Esime nthawi zina ankafunsa kuti, "Che Ajira, kodi Mulungu sadzatifunsa zimenezi?"

"Adzafunse kaye a malaya ofiirawo," ankayankha Che Ajira. "Komanso ine sindinama. Ndikati sadaka, ndi sadakadi."

Ankanena choncho chifukwa ulendo uliwonse, asanagulitse kanthu, ankapatukira pamzikiti wa pafupi ndi mlatho. Pamenepo pankakhala nkhalamba ina yosaona, ndipo nsomba yabwino koposa m'besenimo inkatsala m'manja mwake.

Sumani anaphunzira mpaka anapita kunja. Anabwerako akutchedwa dokotala, osati wa jakisoni koma wa mabuku, n'kuyamba kuphunzitsa pakoleji ina ku Blantyre. Ankaphunzitsa kayambidwe ka bizinesi ndi nzeru zopambanira anzako pamalonda. Ophunzira ankamukonda. Koma zaka zinapita ali pampando womwewo. Anthu amene iye anawaphunzitsa anamudutsa. Palibe amene anamuuza chifukwa, koma iye ankadziwa kuti munthu wa ku Mangochi boma silinkamukhulupirira kuyambira pa mavuto a ndale a zaka za m'mbuyomo, ngakhale atasintha dzina.

Chaka china chilimwe anatulukira ku Makanjira pa lole, tayi ali m'khosi, tsitsi litayera ndi fumbi, kawayilesi kojambulira mawu kali m'chikwama. Anapeza Che Ajira akuwamba nsomba kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, ndifotokozereni bwinobwino za beseni."

"Iwe Sumani, beseni limeneli wadya kuyambira uli ndi mamina. Lero ndikufotokozere chiyani?"

"Mmene munaganizira. Mmene mumasankhira tsiku. Chifukwa chake simupita kumsika. Zonse."

"Ukazitani?"

Sumani anakhala pachitsa, n'kuvula nsapato. Anati kuti munthu akhale pulofesa amayenera kubweretsa chinthu chatsopano chimene ena sanalembepo. Mabuku onse amene ankaphunzitsa anali a mafakitale a ku Ulaya. Koma za mayi wosapita kusukulu amene waona pamene adani ake sangayike dzanja, n'kudutsa pomwepo, palibe analembapo. Anati kuli msonkhano wa ophunzira kunja, ndipo akakalankhula zimenezi, akuluakulu a kukoleji sadzakhalanso ndi ponamizira.

"Ndatopa achemwali," anatero. "Ana amene ndinkawakonzera Chingerezi lero ndimawagogodera pakhomo."

Che Ajira anamuyang'ana. Anaona kuti imvi zayamba, ndipo anamumvera chisoni. Anatembenuza nsomba pawaya, kenako anati, "Ukanene kwa azungu akowo, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu. Koma m'dziko muno ayi. Sindili ndekha, pali amayi anzanga. Ndiponso pali anthu osadziwa kanthu amene amasenza sadaka yeniyeni."

"Ndikulumbira pa amayi athu," anatero Sumani.

Ndiye anamufotokozera zonse, kawayilesi kakuzungulira.

Kunja kuja anthu anamuombera m'manja. Anabwerako ndi chithunzi atagwirana chanza ndi azungu, n'kutumiza china ku Nkope kwa mayi awo, amene anachipachika pafupi ndi khomo. Koma upulofesa sunabwere. Akuluakulu anati kuomba m'manja kwa azungu sikudyetsa Malawi, aonetse zimene akuchita pa chitukuko cha dziko lino. Anamuuza akonze msonkhano wophunzitsa amalonda ang'onoang'ono kwawo komweko, ndipo mkulu wa koleji adzabwera kudzaona yekha.

Msonkhanowo unachitikira pa hotela ina ku Nkopola, mvula itatsala pang'ono kuyamba. Sumani anatumiza uthenga kuti achemwali ake abwere, adzaone kumene beseni lawo linamufikitsa. Che Ajira anavala chitenje chatsopano, anatenga a Esime, n'kukakhala kumbuyo ndi amalonda anzawo. Kutsogolo, pamipando ya khushoni, kunali mkulu wa koleji, mabwana a kuboma, ndi a Dyson, wapampando wa chipani kuderalo, munthu wa thupi, woseka ndi aliyense.

M'mawa zinayenda. Koma atadya nkhomaliro kunatentha, ndipo Sumani ankajambula mabokosi ndi mivi pabolodi, akulankhula Chingerezi. Amalonda sankamva. Mabwana anayamba kusinza. Che Ajira anaona mkulu wa koleji akuyang'ana wotchi, kenako akunong'oneza mnzake, onse n'kumwetulira. Sumani nayenso anaziona. Choko chinathyoka m'manja mwake. Anapukuta thukuta, kenako anasiya bolodi n'kuyamba Chichewa.

"Ndikuuzeni kankhani. Kudziko lina, kutali ndi kuno, kunali mlatho."

Che Ajira anagwira bondo la a Esime.

Sumani sanasiyeko kanthu. Ananena za alonda a pamlatho okonda chambo, za mpunga wa pamwamba, za nsalu yoyera. Anayerekeza ngakhale kayendedwe, dzanja limodzi pamutu, nkhope yachisoni, maso pansi. Holo yonse inafa ndi phwete. Amene ankasinza anadzuka. Mkulu wa koleji anavula magalasi kupukuta misozi. Sumani nkhope inawala, ndipo anati iyi ndiye nzeru ya malonda, kuona khomo pamene ena akuona khoma.

Amene anaseka kuposa onse anali a Dyson. Anakweza dzanja.

"Adokotala, tingofunsa nawo ife osaphunzira. Mlatho wa kudziko lakutalilo, pansi pake pamakhalanso mvuu ngati wathuwu?"

Anthu anasekanso. Sumani anaseka nawo.

Potuluka, Che Ajira anamudikira pansi pa mtengo pafupi ndi pamene panaima magalimoto. Anabwera akupepuka ngati mwana amene wakhoza mayeso.

"Mwaona achemwali? Abwana akuti sanamvepo phunziro lotere."

"Unalumbira pa ndani?"

"Sindinatchule dzina lanu. Ndati dziko lakutali."

"Nsalu yoyera watchula. Mpunga watchula. Wangotsala kuwauza nambala ya lole."

"Anali akugona, achemwali. Munaona nokha. Ndikanangopitiriza zija, basi zanga zinali zitathera pompaja. Awa mawa aiwala, ndi nthabwala chabe."

Che Ajira asanayankhe, a Dyson anadutsa akutokosa m'mano. Anaima, n'kupereka moni mwaulemu, manja awiri.

"Awa ndi achemwali anu, adokotala? Amakhala kuti?"

"Ku Makanjira," anatero Sumani.

"Ee, kutsidya. Ndiye amaoloka pafupipafupi." Anamwetulira, n'kulowa m'galimoto.

Atabwerera ku Makanjira, Che Ajira anaitana amayi anzawo aja n'kuwauza kuti beseni liyambe lapuma. Sanabise, ananena kuti ndi mlongo wawo amene waulula. Mmodzi sanawalankhulenso. Kenako mvula inagwa yambiri, mitsinje inadzaza, msewu unaduka, malole anasiya kubwera. Za kuboma zinkangomveka patalipatali ndi anthu a maboti. Chimodzi chimene chinamveka bwino n'chakuti Gilford Jaffalie tsopano ndi pulofesa.

Mvula ili kumapeto, mayi awo anadwala ku Nkope masiku ochepa, n'kumwalira. Asilamu sagoneka maliro. Uthenga pofika ku Makanjira n'kuti atayikidwa kale. Che Ajira sanawasambitse mayi awo, sanaone nkhope yawo. Chimene chinawatsalira ndi sadaka basi, ndipo mtima wawo wonse anauyika pamenepo. Anapuntha mpunga wa m'dimba mwawo, anaupeta okha. Amuna awo anapha chambo, iwo n'kuchiwamba pang'onopang'ono ndi nkhuni zosankha, mmene malemu ankakondera.

"Nsombazi tisiye," anatero a Esime. "Tikagula ku Nkope. Kumeneko nyanja ndi yomweyi."

"Mayi anga moyo wawo wonse ankati chambo chowamba ine n'chosiyana. Ndiye pa tsiku lawo ndikawagulire cha munthu wina?"

"Nanga pamlatho?"

"Ulendo uno ndilibe chobisa."

Msewu utatseguka anakwera lole yoyamba, amayi angapo a ku Makanjira akuwaperekeza. Anagona kwa mbale wawo pafupi ndi mlatho, ndipo m'mawa wa tsiku la sadaka anasenza mabeseni kuti akapeze basi ya ku Nkope kuboma.

Pamlatho anapeza anyamata aja, mtsogoleri wawo Kingstone, amene anawadutsitsapo kambirimbiri. Tsiku limenelo sanapatuke. Anaima pakati, ndodo ili m'manja.

"Mukupita kuti amayi?"

"Ku sadaka, ku Nkope."

Kingstone anatembenukira anzake. "Mwamva? Alendo ochokera kudziko lakutali aja afika."

Anyamata anaseka.

"Tulani."

"Mwana wanga, ichi ndi chakudya cha womwalira," anatero mayi wina wachikulire amene za malonda sankazidziwa n'komwe.

"Ndati tulani."

Anatula. Kingstone sanagwire ndi dzanja. Anakola nsalu ya beseni la Che Ajira ndi nsonga ya ndodo n'kuiponya pambali. Anapisa ndodo mumpunga, anavundula, kenako anakankha beseni ndi phazi. Mpunga unamwazika pamlatho, wina n'kugwera m'madzi. Chambo chinatsala poyera, chofiirira bwino, chikununkhira.

"Ehe! Pulofesa sananame."

Anagubuduza mabeseni onse, ngakhale a amayi amene munali mpunga ndi shuga basi.

"Ndi sadaka ya mayi anga," anatero Che Ajira. "Anamwalira ku Nkope mwezi wathawu. Funsani aliyense."

"Mayi anuwo amwalira kangati chaka chino?" anafunsa Kingstone. "Chaka chatha ndinawawerengera, anamwalira pafupifupi mwezi uliwonse. Ndi olimba."

Anthu odutsa ankaima n'kumaonerera. Anyamata anawakhazika amayi onse pansi m'mbali mwa msewu, padzuwa, amvekere adikire a Dyson adzaweruze. Nsomba anagawana pomwepo, wina kukulunga m'nyuzipepala, wina kulowetsa m'malaya. Basi ya ku Nkope inapita. A Dyson sanabwere.

Dzuwa litapendeka kunabwera galimoto yoyera kuchokera mbali ya kuboma. Anatsika Sumani, atavala kanzu ndi chisoti, zimene anali asanavale zaka zambiri. Anali atafika ku Nkope dzulo lake, ndipo amalume awo, a Wadi, ataona kuti a ku Makanjira sakuoneka, anamutuma akafufuze.

Kingstone anaimirira njo. "Bwana Pulofesa! Takulandirani. Phunziro lanu lija a wapampando anatifotokozera lonse. Taonani, lero tagwira gulu lathunthu."

Sumani anayang'ana mpunga pansi, mabeseni ogubuduzika, kenako achemwali ake atakhala m'fumbi.

"Awa ndi achemwali anga," anatero motsitsa. "Akunena zoona. Amayi athu ndi amene anamwalira."

"Aa, pepani bwana, sitinadziwe. Mukanatiuza. Atengeni, atengeni onse. Kwa inu palibe mlandu."

Amayi anadzuka akudzikung'untha. Che Ajira anadzuka pomalizira. Sumani anatsegula chitseko cha galimoto.

"Kwerani achemwali. Tigula mpunga wina kuboma. Nsomba tipeza."

"Mashehe apemphera?"

Sumani anayang'ana pansi. "Amalume anati sangadikire. Kunali anthu ochokera kutali, amafuna kubwerera kusanade."

"Anthu adya?"

"Adya."

"Anaphika ndani?"

"Amayi a m'mudzi. Ine ndinagula mbuzi."

Che Ajira anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Sanalire. Anapita pamene panagwera nsalu yoyera ija, anaitola. Inali ndi chidindo cha nsapato pakati. Anaipinda bwinobwino, n'kuiyika m'manja mwa mlongo wawo.

"Tengani, a Gilford. Mukaonetse ana a sukulu. Nkhani yanu ija inalibe mathero, tsopano mwawapeza."

"Achemwali, ine sindinkafuna kuti..."

"Ndikudziwa. Munkafuna asasinze."

Anatola beseni lawo lopanda kanthu, n'kutembenuka kubwerera kutsidya kumene anachokera. Sumani anawaitana kawiri. Anayamba kuwatsatira, koma lole inali ikulowa pamlatho, ndipo Kingstone anamugwira mkono mwaulemu kuti bwana angagundidwe.

A Esime akuti kuyambira tsiku limenelo palibe beseni la nsalu yoyera limene linaoloka mlatho uja osavundukulidwa, mpaka chipani chimodzi chinatha. Amayi a kutsidya anasiya kusenza chakudya popita ku sadaka, ankangopita manja lende, ndipo ambiri sankadziwa kuti zinayamba bwanji. Che Ajira malonda a kuboma anasiyiratu. Ankagulitsa usipa pamchenga ku Makanjira komweko mpaka maso anafooka. Kumanda a mayi awo anapitako patapita chaka, pa boti, osadutsa pamlatho. Pulofesa anatumizapo zitenje ndi shuga kangapo, zonse zinabwerera ndi lole yomweyo. Dzina loti Sumani silinatulukenso pakamwa pawo. Iye anaphunzitsa mpaka anapuma ntchito, ndipo mdzukulu wa a Esime amene anaphunzira pakoleji paja akuti nkhani ya beseni ankaikambabe chaka chilichonse kwa ophunzira atsopano, koma ankathera pamene amayi aoloka bwino.

Ndinafunsa a Esime kuti nanga iwo anatani tsiku lija, Che Ajira atatembenuka.

"Ine ndinatsala," anatero. "Ndinagwada pamlatho pomwepo, ndinawola mpunga umene unali wosapondedwa, ndinauthira m'chitenje. Pulofesa anabwera kuti andithandize, ndinamuuza asakhudze. Ndinapita nawo kwa nkhalamba ija ya pamzikiti, ndinaipatsa m'manja, ndinatchula dzina la malemu kuti iwapempherere. Kenako ndinaoloka kuthamangira Che Ajira, lole ingatisiye."